Kodi chitsime ndi matanki awiri n'zokwanira kuzimitsa moto pa holo ya mpingo wathu?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Tafara, muno mu Harare, ndipo ndalifupikitsa motere: "Ndine wapampando wa komiti yomanga pa mpingo wathu. Tikumanga holo ya mamita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi, komanso makalasi anayi ndi khitchini chakumbali, zonse pamodzi masikweya mita pafupifupi 1,200. Mapulani athu abwezedwa ku khonsolo, akuti tisonyeze hydrant (mpopi waukulu wolumikizapo mapaipi a ozimitsa moto), ma hose reel (mapaipi ozimitsira moto okulungidwa pa gudumu) ndi komwe madzi ozimitsira moto adzachokere. Ife tili ndi chitsime chokumba ndi makina ndi matanki awiri a malita 5,000 pa nsanja. Hydrant ya khonsolo ili kumsewu waukulu, mamita ngati 200 kuchokera pageti. Kodi zimenezi sizokwanira? Ndalama zathu n'za m'mbale ya chopereka."

Bambo wapampando, zikomo pofunsa musanathire konkire. Ndikuyankheni mosabisa: sizokwanira. Ndikudziwa kuwawa kwa mawu amenewa kwa anthu amene njerwa iliyonse aigula ndi chopereka cha amayi ogulitsa tomato, popeza inenso ndinakulira mumpingo womangidwa ndi makolo athu ochokera ku Malawi, omwe ankasonkha kuchokera pa malipiro ochepa a ntchito za m'nyumba ndi za njanji. Koma ndagwira ntchito ya mapaipi ndi mapampu ozimitsira moto kwa zaka zambiri muno mu Harare, ndipo ndingakulakwireni kwambiri nditakuuzani zongokukondweretsani. Amene abweza mapulaniwo akuganizira za anthu mazana amene adzakhale muholomo tsiku la ukwati.

Tiyambe ndi kuwerengera madzi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kuno kwathu zomangamanga zimatsata Model Building By-laws a 1977, omwe ali ndi mutu wakewake wa chitetezo ku moto, ndipo mapulani a nyumba yosonkhanamo anthu amadutsa m'manja mwa ozimitsa moto a khonsolo ya Harare. Pokonza ziwerengero, ambiri a ife timatsamiranso pa miyezo ya ku South Africa yotchedwa SANS 10400 ndi ya ku Britain. Muyezo wa ku South Africa umafuna kuti hydrant imodzi izitulutsa malita 20 pa sekondi, amene ndi malita 1,200 pa mphindi imodzi, madziwo akutuluka ndi mphamvu ya 300 kPa, kapena kuti mabaa atatu. Tsopano tengani matanki anu awiri, tiyerekeze kuti onse ndi odzaza ndendende: malita 10,000. Pa liwiro limenelo atha m'mphindi zisanu ndi zitatu ndi masekondi ochepa. Denga la holo likagwira moto, mphindi zisanu ndi zitatu ndi nthawi yoti ozimitsa moto angoyamba kumene kuulimbana nawo. Ndiponso ndi liti pamene matanki a pa mpingo anakhalapo odzaza onse awiri Loweruka madzulo, amayi a chigwirizano ataphika, zimbudzi zitagwira ntchito tsiku lonse?

Chitsimecho, chimene anzathu kuno amati chibhorani, n'chothandiza podzaza matanki, koma pa moto sichingathamange. Chitsime chotulutsa malita 2,000 pa ola timachiyamikira, komatu amenewo ndi malita 33 okha pa mphindi. Ayerekezeni ndi 1,200 aja. Pampu yake imadaliranso magetsi, ndipo moto ukabuka magetsi ndiwo amayamba kuzimitsidwa, ngati analipo n'komwe tsikulo.

Palinso nkhani ya mphamvu ya madzi, imene anthu ambiri amaisokoneza ndi kuchuluka kwake. Madzi amapeza mphamvu kuchokera ku kutalika kwa pamene akhala: mamita 10 aliwonse okwera m'mwamba amapereka pafupifupi baa imodzi. Nsanja ya mamita 6 imene matanki ambiri amakhalapo imapereka kachigawo chabe, 0.6 ya baa. N'zokwanira kusamba ndi kutsuka mbale. Kuti mupeze mabaa atatu popanda pampu, nsanjayo iyenera kutalika mamita 30, ngati nyumba yosanja kakhumi. Madzi ochokera pa nsanja yanu sangafike n'komwe pa mitanda ya denga la holo.

Nanga hydrant ya kumsewu ija? Ili ndi mavuto awiri. Loyamba ndi mtunda. Malamulo a ku Britain amati nyumba yaikulu yatsopano ikakhala kutali kuposa mamita 100 ndi hydrant yomwe ilipo kale, pakufunika ina yosapitirira mamita 90 kuchokera pakhomo lolowera. Muyezo wa ku South Africa nawonso umagwiritsa ntchito mamita 90 pa malo ngati misika ikuluikulu ndi nyumba zambiri za mumpanda umodzi. Chifukwa chake n'chapafupi. Paipi ya ozimitsa moto imabwera m'zidutswa za mamita 25 kapena 30. Mamita 200 ndi zidutswa zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu zoti anthu azitambasule, azilumikize, makombi asaziponde, ndipo madzi amafooka m'chidutswa chilichonse chimene adutsamo. Poyeza mtundawo musaloze ndi chala kudumpha mpanda wa durawall. Yendani ndi tepi mmene paipi ingayendere: kutuluka pageti, kuzungulira ngalande, kukhota pakona. Mamita 200 anu mwina mupeza kuti ndi 260.

Vuto lachiwiri mukulidziwa kuposa ine, inu a ku Tafara. Madzi a mzinda uno amatungidwa ku nyanja za Chivero ndi Manyame, n'kuyeretsedwa ku Morton Jaffray, kumadzulo kwenikweni. Kuti afike ku Mabvuku ndi Tafara ayenera kukankhidwa ndi mapampu kudutsa mzinda wonse, kukwera mtunda mpaka kum'mawa, ndipo inu muli kumchira kwa ulendowo. N'chifukwa chake mipopi ya kwanuko imatha nthawi yaitali ili gwa. Hydrant ndi pakamwa chabe pa paipi yomweyo imene imabweretsa madzi kunyumba kwanu. Mpopi wa kubafa ukauma, nayonso yauma. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo: madzi amene mungawadalire ndi amene mwasunga m'mpanda mwanu.

Ena amati, "Nanga si galimoto ya ozimitsa moto imabwera ndi madzi ake?" Imabwera nawo, koma ndi malita zikwi zochepa, oti ayambire pamene anzawo akufunafuna potunga. Galimoto ya malita 3,000 ikamathira malita 500 pa mphindi, m'mphindi zisanu ndi imodzi yauma. Ikachoka kukatunga kutali, moto umabwerera pomwe unali, mwinanso kuposa. Tonse tinaona msika wa Mbare Musika utapsa mu Okutobala 2024, ndipo amisiri a mipando a ku Glen View Area 8 apserezedwa katundu kangapo konse. Matabwa, masiponji, mapulasitiki ndi nsalu zikagwira moto zimafuna madzi osalekeza. Holo ya mpingo ili ndi zomwezo: mabenchi, mipando yapulasitiki, makatani, siling'i, ndi mitanda yamatabwa youma kwa zaka.

Tsono muchite chiyani? Ndiyambe ndi thanki, chifukwa ndi pamene ndalama yanu igwire ntchito yeniyeni. Kumene kulibe paipi yodalirika ya mumsewu, malamulo a ku Britain amalola thanki yosachepera malita 45,000 yosungira moto wokha. Pa malita 1,200 pa mphindi, amenewo ndi madzi a mphindi 37. Ola lathunthu limafuna malita 72,000. Chiwerengero chenicheni cha malo anu adzakuuzani ndi ozimitsa moto akaona mapulani, koma yambani kuganizira pakati pa ziwerengero ziwirizi. Musachite mantha nazo. Thanki yakonkire ya mamita 5 m'litali, 5 m'lifupi ndi 2 kuya imasunga malita 50,000, ndipo mumpingo mwanu simulephera kukhala amisiri omanga. Injiniya akujambulireni zitsulo zake, popeza madzi amenewo amalemera matani 50 ndipo khoma lomangidwa mwachisawawa limang'ambika. Mukhozanso kulumikiza matanki apulasitiki asanu a malita 10,000, koma muwaike patali ndi nyumba, chifukwa pulasitiki imasungunuka ndi kutentha.

Podzaza musadalire chitsime chokha. Denga la holo yanu ndi masikweya mita 800, ndipo milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Mvula imodzi yabwino ya mamilimita 30 ikupatsani malita 24,000. Harare amalandira mvula pafupifupi mamilimita 800 pa chaka, kotero magatala abwino ndi sefa yotchinga masamba zidzadzaza thankiyo Disembala asanathe. Chovuta ndi kuwasunga madziwo mpaka Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, nyengo ya mphepo ndi udzu wouma, pamene aliyense padera pali ndi ludzu.

Apa ndikupempheni kuti mundimvetse bwino, bambo, chifukwa ndaona matanki ambiri okongola ali opanda kanthu. Pakakhala maliro kapena msonkhano waukulu, mipopi itauma, palibe wapampando amene angaime pamaso pa amayi n'kunena kuti madzi awa musatunge. Mudzatsegula, ndipo simudzakhala mutalakwa. Choncho musadalire lamulo la pakamwa. Lolani kuti mapaipi akuletseni okha. Paipi yopita kukhitchini ndi kuzimbudzi ituluke chakumtunda kwa thanki, ya moto ituluke pansi penipeni. Madzi a tsiku ndi tsiku akatsika kufika pa paipi ya kumtunda ija, mpopi wa kukhitchini umauma wokha, koma malita 45,000 ali phee pansi pake. Mukamanga thanki ya malita 60,000, a pamwamba 15,000 ndi a mpingo, ndipo chifukwa madzi akulowa ndi kutuluka, sakhala oola.

Kuchokera m'thanki, madzi ali ndi njira ziwiri zofikira pamoto. Yoyamba ndi yodula: pampu yaikulu yotha kukankha malita 1,200 pa mphindi, ya dizilo kapena yamagetsi yokhala ndi inzake ya dizilo, ndi kapampu kakang'ono kosunga mphamvu m'mapaipi nthawi zonse. Yachiwiri ndi imene ndimalimbikitsa mipingo ndi masukulu a ndalama zochepa kuti akaipemphe: thanki ikhale ndi pakamwa pa mamilimita 100 pomwe galimoto ya ozimitsa moto ingalumikizepo paipi yake n'kukoka madzi ndi pampu yakeyake, inu n'kugula pampu yaing'ono ya ma hose reel okha. Kuvomereza kapena kukana ndi kwa mkulu wa ozimitsa moto, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Akavomera, kumbukirani kuti Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopepuka, ndipo pampu sikoka madzi kuchokera pakuya ngati mmene ingachitire ku Beira. Thanki yapansi isazame kwambiri. Ndi bwino ikhale yotakata koma yosaya, kapena ikhale pamwamba pa nthaka kuti madzi azitsikira okha m'pampu.

Za kukula kwa paipi ndikufotokozereni zimene ndinaona ndi maso. Chaka china ndinaitanidwa pa fakitale ina kuti ndikayeze hydrant yawo, a inshuwalansi atafunsa. Tinaifuna kwa theka la ola. Tinaipeza pansi pa miyala yoswa pomwe malole ankaimikapo, chivundikiro chake chitamira. Titachikanganula ndi mgwala, m'dzenjemo munali dothi, mabotolo osweka ndi nyerere zoluma. Valavu inali itagwira dzimbiri, mpaka anyamata awiri kukokera pa kiyi imodzi. Ndinamangapo geji, singano n'kukwera mpaka mabaa anayi, mwini malo n'kumwetulira. Kenaka tinatsegula. Inatsokomola mpweya, n'kulavula madzi ofiira ngati thobwa, singano ija n'kugwa mpaka pansi, ndipo chotuluka chinali chongokwana kuthirira dimba. Titakumba tinapeza kuti amene anaiika anailumikiza ku paipi yopyapyala ya mamilimita 40. Kwa zaka zonsezo anthu ankagona tulo poganiza kuti ali ndi chitetezo.

Geji ya pa madzi oima sinena zoona zonse. Muziyang'ana pamene singano yaima madzi akutuluka. Paipi yodyetsa hydrant isachepere mamilimita 100. Mkati mwa paipi yotere mumadutsa madzi pa malo okulirapo ka 16 kuposa mu ya mamilimita 25 imene timaizolowera m'nyumba. Pulambala akakuuzani kuti yaing'ono ichita, mufunseni akusonyezeni ziwerengero. Ndipo mukafuna kuti ya kumsewu ija iyezedwe, pemphani ozimitsa moto, musaitsegule nokha. Muyezo wake ukhale wa m'chilimwe, m'mawa anthu onse akutunga, chifukwa wa usiku m'nyengo ya dzinja udzakunamizani.

Tsopano poika hydrant yanu. Muyezo wa ku South Africa umaifuna pa nyumba yoposa masikweya mita 1,000 kapena yotalika kuposa mamita 12, imodzi pa masikweya mita 1,000 aliwonse kapena chigawo chake, ndiye inu ndi 1,200 yanu mukhoza kufunsidwa ziwiri. Cholakwa chofala ndi kuigunditsa kukhoma kuti isatchinge njira. Moto ukakula, khoma limatentha, magalasi amaphulika, malata amagwa, ndipo munthu sangayandikirepo. A ku Britain amati italikirane ndi nyumba mamita 6 kapena kuposa, a ku America amati 12. Ine ndingaike yoyamba pafupi ndi geti, m'mbali mwa njira, pomwe dalaivala aiona akangolowa, yachiwiri chakumbuyo pakati pa makalasi ndi khitchini, popeza moto wambiri umayambira pa masilinda a gasi ndi pa nkhuni. Pasakhale ngodya ya nyumba yoposa mamita 90 kuchokera pa imodzi mwa ziwirizi.

Sankhani yoima pamwamba, yopaka utoto wofiira, osati yokwirira pansi; mwamva kale zimene zimachitikira zapansi. Muitchinjirize ndi mizati iwiri yachitsulo kuti galimoto yobwerera chambuyo isaithyole, ndipo mita imodzi mozungulira pasakhale maluwa, mulu wa mchenga kapena tebulo logulitsirapo. Pakamwa pake pakhale pa mamilimita 65 pogwirizana ndi mapaipi a ozimitsa moto a Harare. Musanalipire, tengani chitsanzo mukayese pa paipi yawo, chifukwa m'masitolo muli zochokera m'maiko osiyanasiyana zomwe mano ake sagwirizana. Akuba zitsulo amakonda mkuwa wa pamenepo, ndiye ikhale poonekera kwa mlonda ndi powala usiku, koma musaitsekere m'khola la loko amene kiyi yake ili m'thumba la munthu ali ku Mbare.

Galimoto nayo iyenera kufika. Ziwerengero za ku Britain n'zothandiza pano: geti lotakata mamita 3.1 kapena kuposa, njira ya mamita 3.7, pamwamba pasakhale chotchinga chotsika kuposa mamita 3.7, ndipo nthaka ithe kunyamula matani 12.5. Mipingo yathu imakonda kumanga chipata chokongola chokhala ndi chikwangwani chopingasa pamwamba. Chikwezeni. Kamlatho ka pa ngalande ya pageti kathiridwe konkire yazitsulo. Ndipo Lamlungu asankhidwe munthu woonetsetsa kuti magalimoto a akhristu sanatseke njirayo.

Ma hose reel musawaone ngati chokongoletsera mapulani. Hydrant ndi ya ozimitsa moto. Paipi yake ikadzaza madzi imatha kugwetsa munthu wosaphunzira. Hose reel, paipi ija yokulungidwa pa gudumu lofiira, ndi yanu, ya mphindi zoyambirira pamene moto ukadali pa katani imodzi. Imatalika mamita 30, imatulutsa theka la lita pa sekondi, ndipo mayi aliyense kapena mnyamata wa kwaya akhoza kuigwira. Muyezo wa ku South Africa uja umafuna imodzi pa masikweya mita 500 aliwonse, kotero werengerani zitatu: ziwiri muholo pafupi ndi zitseko zotulukira, imodzi pakhonde la makalasi. Ikhale pakhomo kuti woigwira akhale ndi njira yothawira kumbuyo kwake. Kukhitchini, pa bokosi la magetsi ndi pomwe pali jenereta ikanipo zozimitsira moto za ufa kapena za mpweya, chifukwa madzi pa mafuta owira amamwaza moto, ndipo pa waya wamoyo amapha.

Chinthu china chaching'ono koma choopsa: paipi ya chitsime kapena ya thanki yanu isalumikizidwe mwachindunji ku paipi ya khonsolo. Ya khonsolo ikauma imayamwa chilichonse chimene yalumikizana nacho, ndipo madzi a pa malo amodzi akhoza kulowa m'nyumba za anthu ena. Amene tinali muno mu 2008, kolera itavuta ku Budiriro ndi ku Glen View, sitiseweretsa nkhani imeneyi. Madzi a khonsolo azigwera m'thanki kuchokera pamwamba, pakamwa pa paipi pasakhudze madzi a m'thankimo.

Ndisaiwale zitseko, ngakhale simunafunse. Madzi amapulumutsa nyumba, koma anthu amatuluka ndi zitseko. Za holo zizitsegukira kunja, zikhale mbali zosiyana, ndipo pasakhale loko pa chitseko chilichonse anthu ali mkati, ngakhale mukuopa akuba kapena olowa osalipira pa chiyanjano cha makwaya.

Sabata ino, tengani mapulaniwo, inu ndi amene anawajambula, mupite kwa ozimitsa moto ku gawo loona za kupewa ngozi. Mukafunse zinthu zitatu ndipo mulembe mayankho: malita angati osungira, hydrant zingati ndi pati, ndiponso ngati angalole thanki yokokamo ndi galimoto yawo. Ngati ndalama sizikwana zonse nthawi imodzi, kambiranani nawo zomanga m'magawo, koma paipi ya mamilimita 100 ikwiriridwe tsopano, ngalande za maziko zikadali zotseguka. Kudzaswa konkire pambuyo pake kudzadya ndalama kawiri. Zonse zikatha, musankhe madikoni awiri oti Loweruka lililonse aziliza pampu kwa mphindi khumi, aziyang'ana dizilo ndi batire, azisuzumira m'thanki ndi kulemba m'kope. Kamodzi pa chaka hydrant iliyonse itsegulidwe mpaka madzi ayere. Nambala ya foni ya ozimitsa moto ilembedwe ndi penti pakhoma la pageti ndi kukhitchini, pamodzi ndi nambala ya sitandi yanu ndi dzina la msewu, kuti woimba foni ali njenjenje angowerenga.